Funsani Mmisiri: Kodi “laisensi ya AC” amaitenga kuti?

Dzuwa la Okutobala likayamba kuwomba muno mu Blantyre, foni ya kushopu kwanga ku Limbe sipuma. Munthu amakumbukira AC yake, makina oziziritsa m'nyumba aja, tsiku limene yasiya kuzizira. Chaka chino makalata ambiri amene afika sakufunsa za kukonza makina, akufunsa za mapepala. Ndagwira ntchito ya mafiriji ndi ma AC zaka zoposa 25, ndipo nkhani ya mapepalayi inandiwotchapo dzanja, choncho kalata yoyamba ndikhalitsapo.

*Bambo mmisiri, ndine mnyamata wa zaka 26 wa ku Ndirande. Ntchito ya mafiriji ndi ma AC ndaiphunzira kwa amalume anga zaka 6, koma kukoleji sindinapiteko. Sukulu ina yoyima payokha ikufuna munthu woika ma AC 8 m'maofesi awo, ndipo anena kuti ndibweretse laisensi. Mnzanga wina wati andibwereka mapepala a kampani yake, ine ndidzamugawireko ndalama. Kodi laisensi ya AC amaitenga kuti? Nanga kubwerekako kuli ndi vuto? — Mnyamata wa ku Ndirande*

Achimwene, amene anakuuzani kuti “bweretsani laisensi” mwina iyeyonso sakudziwa pepala limene akufuna. Bwererani mukamufunse, muli ndi cholembera m'manja. Pantchito yathuyi simudutsa pakhomo limodzi lokha. Pali pepala lonena za dzanja lanu, pali lonena za bizinesi yanu, pali lokulolani kutenga kontirakiti, palinso lokulolani kugwira mawaya a magetsi. Lililonse lili ndi ofesi yake.

Yambani ndi la dzanja, chifukwa ena onsewo amatsamira pamenepo. Amisiri a msinkhu wanga ambiri tinadutsa mu Trade Test ya ku Unduna wa Zantchito, yomwe umayamba ndi Grade 3, kenako Grade 2, mpaka Grade 1 yomwe ndi yapamwamba. Mu 1999 boma linakhazikitsa TEVETA kuti iziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno, ndipo ku Lilongwe Technical College amaphunzitsa ntchito ya mafiriji ndi ma AC. Koma inu amene mwakhala zaka 6 pambali pa amalume anu simukuyenera kuyamba ngati munthu amene sanagwirepo sipanala. TEVETA ili ndi ndondomeko yoyesa anthu amene anaphunzira ntchito pamalo ogwirira ntchito, amaitchula kuti RPL. Pitani ku ofesi yawo ya chigawo cha kummwera muno mu Blantyre mukafunse nthawi ya mayeso ndi ndalama zake. Musapite chimanjamanja. Tengani kalata ya amalume anu yonena zaka zimene mwagwira nawo ndi mtundu wa ntchito, makalata a makasitomala awiri kapena atatu, ndi zithunzi za ntchito zanu.

Ndikuchenjezeni chimodzi. Anyamata ambiri ophunzira pashopu amatha kuwotcherera paipi mwaluso kuposa ochokera kukoleji, koma ukawapatsa chojambula cha mawaya amatuluka thukuta. Ena satha kufotokoza chifukwa chimene geji yoyezera kukankha kwa gasi ikuwerengera mmene ikuwerengeramo. Amangodziwa kuti “singano ikafika apa ndiye kuti zatheka.” Woyesa amafuna chifukwa chake. Pezani mnzanu amene anapita kukoleji, mubwereke makope ake, muziwerenga madzulo. Kubwereka kumeneko ndiye ndikukulimbikitsani.

Za bizinesi sizovuta kwenikweni, zimangofuna kupirira pamzere. Mulembetse dzina la bizinesi ku ofesi yolembetsa mabizinesi, mutenge nambala ya msonkho, TPIN, ku MRA, ndipo ngati muli ndi shopu mukatenge chiphaso cha malo ochitira malonda ku khonsolo ya mzinda, ku Civic Centre ku Chichiri. Popanda TPIN, sukulu kapena kampani yolongosoka imavutika kukulipirani ngakhale ntchito mwaigwira bwino.

Kenako pali bungwe loyang'anira makontirakitala. Tonse tinalizolowera ndi dzina loti NCIC, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1996, koma tsopano likutchedwa CIRA. Iwo amalembetsa makontirakitala potengera mtundu wa ntchito komanso kukula kwa ndalama za ntchito imene angathe kutenga. Woyamba kumene amalowa gulu lapansi, n'kumakwera akamaonetsa ntchito zimene wamaliza. Polembetsa amafuna kuona kuti pakampanipo pali munthu wa maphunziro a ntchitoyo, n'chifukwa chake ndati muyambe ndi pepala la dzanja. Chiphaso chawo chimatha, umayenera kuchikonzanso, choncho amene akukuonetsani chake muyang'ane deti. Mukadzafuna makontirakiti aboma, pamenepo mudzafunikanso kulembetsa ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu m'boma, ndi kukhala ndi kalata ya MRA yoonetsa kuti misonkho muli nayo bwino.

Pepala limene anthu a ntchito yathu amaliiwala kwambiri ndi la magetsi. AC siilumikizidwa pasoketi iliyonse ngati wailesi. Ma AC 8 akufuna mawaya atsopano kuchokera pabokosi la mabureka, aliyense bureka yake. Ntchito yoyala mawaya m'nyumba ndi ya munthu amene ali ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu lomwe linabwera ndi lamulo la mu 2004. Satifiketi ya mafiriji sikupatsani chilolezo chimenecho. Ine pantchito zazikulu ndimatenga wamagetsi wachiphaso, ndipo mtengo wake ndimaulemba poyera pakoteshoni.

Tsopano za kubwereka. Musatero, ndipo mnzanuyo ngati amakukondani asakubwerekeni. Ine ndinabwereketsapo kamodzi, kwa mbale wanga wa kuchikazi. Anapeza ntchito yoika ma AC 6 pa ofesi ina m'tauni, anabwera kunyumba ndi ulemu wonse, ndinasaina. Pamalopo sindinapondepo. Iye analibe pampu yochotsera mpweya m'mapaipi, ndiye anangotsegula gasi pang'ono kuti akankhe mpweyawo, monga amachitira ambiri akafuna kuthamanga. Chinyezi chinatsalira m'kati. Chinyezi chikasakanikirana ndi mafuta a kompuresa, makina amene amapopa gasi mu AC, chimapanga asidi, ndipo asidiyo amadya mawaya a mota pang'onopang'ono. Makinawo anazizira bwino tsiku lopereka ntchito, ndalama zinatuluka, tinagawana. Chaka chisanathe makompuresa anayi anapsa. Kalata inabwera m'dzina langa, chifukwa dzina la mbale wangayo silinali papepala lililonse. Ndinagula makompuresa anayi ndi ndalama za fizi ya ana, ndinakagwira ntchitoyo ndekha masiku a Loweruka, ndipo ine ndi mbale wangayo tinatha zaka ziwiri tikungopatsana moni wa pamaliro.

Onaninso mbali yanu. Ntchito ikayenda bwino, mbiri ipita kwa mwini mapepala. Ndalama zilowa mu akaunti ya kampani yake, ndipo akachedwa kukupatsani mulibe pokadandaula, poti pakontirakiti simulipo. Mukagwa pamakwerero n'kuthyoka, palibe amene adzavomere kuti munali wantchito wake.

Njira yoongoka ilipo. Mnzanuyo atenge ntchitoyo m'dzina lake moona, azibwera pamalopo kudzayang'anira, ndipo inu mulembane pangano loti ndinu woika makinawo, ndi malipiro anu. Pomaliza akulembereni kalata yonena zimene mwachita. Kalata imeneyo ndi imene mudzapite nayo ku TEVETA. Ndalama ya ulendo uno ichepa, inde, koma ma AC 8 amenewo adzawerengedwa kuti ndi anu.

*Akulu, ndili ndi saluni ku Chilomoni. AC yanga yathiridwa gasi katatu chaka chino, nthawi iliyonse ndikulipira, ndipo wokonzayo akuti gasi amatha ngati mafuta a galimoto. Ndingadziwe bwanji kuti munthu ndi mmisiri weniweni? — Mayi wa ku Chilomoni*

Mayi, gasi wa mu AC satha. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, kuchoka mkati kupita panja n'kubwereranso, zaka ndi zaka. Akachepa ndiye kuti pali potulukira. Kawirikawiri pamakhala polumikizira mapaipi, pamene anakulitsa kukamwa kwa paipi molakwika kapena sanamange nati mokwanira. Amene wathira katatu osafufuza pobooka akutunga madzi ndi dengu, ndipo amene mukulipira ndinu.

Musachite manyazi kufunsa satifiketi. Mmisiri weniweni sakwiya nazo, ambiri timayenda ndi chithunzi chake pafoni. Yerekezani dzina la pasatifiketi ndi la pachitupa cha unzika. Koma poti pepala munthu angathe kubwereka, monga mwaonera pamwambapa, yang'ananinso m'chikwama chake ndi mmene akuyambira ntchito.

Wodziwa ntchito amayamba wawerenga kachizindikiro kamene kali pambali pa gawo la AC lokhala panja pa nyumba. Pamenepo palembedwa mtundu wa gasi ndi kulemera kwake. Ma AC akale ambiri ndi a R22, apakati ndi a R410A, atsopano ambiri ndi a R32. Magasi amenewa sasakanizidwa. R410A amakankha mwamphamvu kwambiri kuposa R22, ndipo mafuta a makompuresa ake ndi osiyana. Munthu amene wangofika ndi silinda imodzi yopanda chizindikiro n'kuyamba kulumikiza osawerenga kanthu, muimitseni.

Pofufuza pobooka amathira nayitirojeni m'mapaipi n'kupaka thovu la sopo polumikizira ponse, kapena amagwiritsa ntchito kachipangizo kofwenkha gasi. Mukaona wina akufuna kuyesa ndi okosijeni wa silinda yowotcherera, tulukani m'nyumbamo ndi makasitomala anu. Okosijeni akakumana ndi mafuta a kompuresa mopanikizika amaphulika. Akakonza pobookapo amalumikiza pampu yochotsa mpweya ndi chinyezi, n'kuisiya ikulira kwa kanthawi ndithu, osati mphindi ziwiri. Pomaliza amathira gasi silinda ili pasikelo, kuti alowe wokwana ndi amene walembedwa pachizindikiro chija. Geji, pampu, sikelo: amene alibe zitatuzi sanakonzeke kugwira AC yanu, ngakhale atavala ovolosi yokongola.

Saluni ili ndi vuto lakelake. Tsitsi, ufa wa zodzola ndi mankhwala opopera zimatseka sefa ya makina amkati msanga. Nthawi zina AC imasiya kuzizira gasi ali wokwana, vuto ndi sefa chabe. Tsegulani chivundikiro, mutulutse sefayo, muitsuke ndi madzi, iume, muibwezere. Kusaluni chitani zimenezi sabata iliyonse. Ndipo ulendo uno pemphani risiti yolembapo zimene wakonza, mtundu wa gasi, kulemera kwake ndi miyezi imene akulonjeza kuti ntchitoyo ikhala.

*Bambo, ndimagulitsa zipangizo za magetsi ku Limbe. Amisiri akufunsa kwambiri R22, ndipo ndapeza wondigulitsa motchipa ku Johannesburg. Kodi ndingangokweza masilinda pathiraki ngati katundu wina aliyense? — Wamalonda wa ku Limbe*

Ayi bambo, gasi ameneyu sali ngati mababu. Kuti mulowetse m'dziko muno mufunika chilolezo chochokera ku ofesi ya boma yoona za chilengedwe, kumene kuli gawo loyang'anira za ozoni, ndipo muchipeze katundu asananyamuke. Akafika pachipata cha Mwanza opanda pepalalo, a MRA ali ndi mphamvu yomugwira.

Chiyambi chake ndi pangano la ku Montreal la mu 1987, limene mayiko anagwirizana kuthetsa magasi owononga ozoni, mpweya wa m'mwamba umene umatitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa. Malawi ali m'panganoli. Mmodzi mwa magasi oyamba kuchotsedwa anali R12, amene ife tinaphunzirira ntchito m'mafiriji akale. Kumayiko ngati athu anatsekedwa mu 2010. R22 ndiye ali pamzere tsopano. Mlingo wololedwa unayenera kutsika ndi 35 peresenti pofika 2020, ndi 67.5 peresenti pofika 2025, ndipo pofika 2030 atsala pang'ono kutheratu, kupatula kochepa kokonzera makina akale. N'chifukwa chake akusowa ndipo amisiri akumufunafuna.

Chinthu chikamasowa, achinyengo amalowapo. Pali masilinda olembedwa R22 kapena R134a koma m'kati muli zosakaniza zina, zina mwa izo zoyaka moto. Gasi wotchipa modabwitsa muzimuopa. Mukagulitsa wotereyo kompuresa ya munthu n'kupsa, mmisiri adzaloza shopu yanu.

Ndikadakhala inu, ndalamazo ndikadaziika kumene msika ukupita. Mu 2016 ku Kigali mayiko anawonjezera panganolo kuti achepetsenso magasi monga R134a ndi R410A. Amenewa sawononga ozoni, koma amatenthetsa dziko. Kilogalamu imodzi ya R410A ikathawira m'mwamba imafanana ndi matani oposa awiri a mpweya wa kaboni. Malawi anavomereza zimenezi mu 2017. Mafiriji atsopano ambiri a m'nyumba tsopano ndi a R600a, ena a m'mashopu ndi a R290, ndipo onse awiri amayaka ngati gasi wophikira. R32 nayenso amayaka, ngakhale mosafulumira. Amisiri akufunika zida zogwirizana ndi magasi amenewa, makina okokera gasi m'silinda m'malo momutayira kunja, masikelo, mapampu ndi tizipangizo tofufuzira pobooka. Zimenezi m'Limbe timazisowa kawirikawiri. Ndipo pemphani kuona satifiketi ya amene akugula gasi woyaka. Ndaonapo mnyamata akuyatsa moto wowotcherera pa firiji ya R600a osayamba watulutsa gasi, nsidze zonse zinapita, ndipo anali ndi mwayi kuti zinathera pomwepo.

*Achimwene, ndili ndi Grade 1 ya mafiriji ndipo ndikufuna kupita ku Joni. Kodi pepala langa likagwira ntchito kumeneko? — Mmisiri wa ku Bangwe*

Likakuthandizani, koma palokha silikwana. Ku South Africa satifiketi yochokera kunja imayamba yaunikidwa ndi bungwe la SAQA kuti aone ikufanana ndi iti ya kwawo. Kuwonjezera apo, wogwira ntchito ya magasi a mafiriji ndi ma AC amayenera kulembetsedwa ku SAQCC Gas, ndipo amapatsidwa khadi losonyeza gulu la ntchito imene akuloledwa. Opanda khadilo amagwira pansi pa dzina la wina, malipiro ake n'kukhala a wothandizira ngakhale ali katswiri. Chilolezo chogwirira ntchito m'dzikomo ndi nkhani inanso payokha, ndipo ndi imene imagwetsa ambiri. Yambani za SAQA mukadali ku Bangwe konko, mutenge satifiketi yeniyeni ndi makalata a kumene munagwirako. Dziko lililonse lili ndi zake. Ku America wogwira magasi amenewa amafunika satifiketi ya EPA, bungwe la boma loona za chilengedwe, yotchedwa Section 608, ndipo laisensi ya ukontirakitala imasiyana chigawo ndi chigawo.

*Bambo mmisiri, ndili ndi nyumba za lendi ku Chigumula ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi alendi amadandaula kuzizira. Wondiikira AC wati angathenso kundiikira giza ndi mahita a pakhoma. Ndimulole? — Bambo wa ku Chigumula*

Kuzizira kwa ku Chigumula chiperoni chikatsika ndimakudziwa, alendi anuwo sakunama. Koma funsani munthuyo ngati ali ndi chilolezo cha MERA. Ngati alibe, aike AC yokhayo, mawaya ayale wamagetsi wachiphaso, ndipo mapaipi a giza agwire pulambala.

Chifukwa chake chili m'manambala. Magetsi a ESCOM a m'nyumba ndi 230 volts. Giza ya 3 kW imakoka pafupifupi 13 amps payokha. Muwonjezepo hita ya 2 kW, ketulo ndi chitofu, zonse nthawi ya m'mawa, pa mawaya amene anayalidwa kuti aziyatsa mababu ndi wailesi. Waya wochepa amatentha m'kati mwa denga mmene palibe akumuona. Giza imafuna waya wake, bureka yake, waya wa ethi wolumikizidwa bwino, ndi valavu yotulutsa madzi akapanikizika kapena kutentha mopitirira. Ndapezapo magiza amene valavuyo anaitseka ndi pulagi chifukwa “imadontha.” Giza yotero ndi bomba lili padenga.

Musanagule mahita, onani ngati AC imene akuikayo ili yotenthetsanso. Ambiri a masiku ano ali ndi chizindikiro cha dzuwa pa rimoti. Akatembenuzidwa amakoka kutentha kwa panja kulowetsa m'nyumba, ndipo pa yuniti imodzi ya magetsi amapereka kutentha kochuluka pafupifupi katatu kuposa hita wamba. AC ya 12,000 BTU (umenewu ndi muyeso wa mphamvu ya AC) imakwanira chipinda chogona chachikulu kapena pabalaza papang'ono. Alendi amene amagula okha mayunitsi adzakuthokozani.

Ndipo poti magetsi amazima, auzeni alendi anu onse, khomo ndi khomo, kuti mbaula ya makala isagone m'nyumba yotseka mawindo. Utsi wake woopsa suoneka ndipo sununkha. Munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. Akaotha madzulo, mbaulayo aitulutse panja asanakagone, ngakhale makala akuoneka ngati azima.